Bokosi la Barnaba

Mawu akuti bokosi si athu, ndi a Chingerezi, koma ine ndinakawadziwira ku Joni. Ndisanapite, bokosi ndinkadziwa limodzi lokha, la makalata la ku mishoni, limene tonse a m'mudzi muno tinkalemba nambala yake pa envulopu, Akhristu ndi Asilamu omwe. Ku mgodi ndinakapeza kuti mzungu chilichonse cha ngodya zinayi amati bokosi, ndipo china chopanda ngodya n'komwe amatinso bokosi basi. Sutikesi yachitsulo imene munthu unkagula kuti udzabwere nayo kumudzi, bokosi. Timalo ting'onoting'ono ta pa fomu timene kalaliki ankachongamo, bokosi. Pansi pa mgodi, chibowo chimene miyala imatsikiramo kuti igwere m'ngolo, bokosi. Nkhonya zimene anyamata a Chisutu ankaswana Lamlungu masana atavala magolovesi, nazonso ati bokosi. Ndiye panali lina lija la matabwa, limene tonse tinkalidziwa koma sitinkakonda kulitchula.

Ulendo umenewo ndinapita ndi mnzanga Twaibu. Tinakulira limodzi kutsidya kuno kwa Shire, kukoka khoka limodzi, kuba mango m'munda umodzi. Ine wa Chiangilikani, iye Msilamu. Ankanditcha Mmishoni, ine ndinkamutcha Shehe, ngakhale ushehe wake unali wa kapu yoyera yokha. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo analeredwa ndi mayi ake, Abiti Saidi, amene ankayanika usipa pa thandala kuseri kwa nyumba yathu.

Vuto la Twaibu linali dzina. Amalume ake anathawira ku Mozambique kudzera cha ku Chiponde m'zaka zimene asilikali ankasakasaka anthu m'mapiri muno, ndipo kuchokera pamenepo banja lonselo linada kumaso kwa a chipani. Wapampando wa chipani m'mudzi mwathu sakanasainira kalata munthu wa m'nyumba imeneyo, ngakhale ya kuchipatala. Popanda kalata, ofesi yolemba anthu a ku migodi sunkayandikira.

Nzeru yake ndinabweretsa ndine, ndipo sindikana. Mng'ono wanga Barnaba anali ndi mphumu, sakanatsika mgodi uliwonse, koma mapepala ake onse anali bwinobwino: chitupa cha msonkho, khadi la chipani, kalata ya wapampando imene anatenga akuganiza zokafuna ntchito ku Zomba. Mapepala a nthawi imeneyo analibe chithunzi.

"Umubwereke mnzathuyu mapepalawa," ndinamuuza mng'ono wangayo. "Pepala silidya kanthu. Zaka ziwiri zokha, tikubwezera."

Barnaba ananyinyirika, koma anapereka poti ndinali mkulu wake.

Ku ofesi ku Blantyre kalaliki anamva dzina lakuti Barnaba, osadzutsa n'komwe mutu, n'kuchonga m'kabokosi ka chipembedzo kuti Mkhristu. Pa kabokosi ka wachibale wapafupi analemba ine, mkulu wake. Twaibu anadinda chala. Potuluka anandinong'oneza kuti, "Mmishoni, wandibatiza popanda madzi." Tinaseka mpaka misozi, zitsiru ziwiri. M'ndege ya ku Francistown anasanza njira yonse, ndipo m'sitima kapitawo akaitana Barnaba, iye ankangoyang'ana pa windo mpaka ine ndimugunde m'nthiti.

M'komponi, mumpanda mogona anthu a pamgodi, tinagona chipinda chimodzi ndi anthu a ku Mzimba, a ku Dedza ndi a ku Mulanje, pa mabedi a simenti osanjikizana. Palibe amene anapusitsika. Munthu amadzuka kusanache kukasamba mapazi pa mpopi m'nyengo ya chisanu, n'kuyala saka pakati pa mabedi n'kumaswali, kupemphera Chisilamu, ndiye muziti Barnaba? Anangomutcha Barnaba wa Chisilamu n'kumusiya. Aliyense m'chipinda muja anali ndi kanthu kake kobisa, ndiye zofunsana zinalibe malo. Nyama ya kukhitchini sankadya poti sankadziwa woizinga, choncho ankandipatsa ine, ine n'kumupatsa nyemba zanga. Ndinanenepa masaya, iye n'kumandinena kuti ndikudya machimo ake.

Makalata ake ndinkalemba ndine, chifukwa iye ankadziwa zilembo za ku madrasa zokha. Tinkalembera mayi anga, pamapeto n'kuikapo kuti perekani moni kwa aneba a kuseri, muwauze kuti nkhuku yawo ili bwino. Nkhukuyo inali Twaibu. Kumudzi anthu ankadziwa kuti iye ali ku usodzi kumtunda kwa nyanja, cha ku Nkhotakota.

Loweruka lina tinaperekeza maliro a munthu wa ku Mulanje wa m'chipinda chathu. Manda a mgodi anali kuseri kwa chulu cha mchenga woyera wotayidwa, mizere mizere, maenje okumbiratu akudikira eni ake, pa mtumbira uliwonse kachitsulo ka nambala. Tikunyamula mtembo kuchipatala tinaona mabokosi ena atasanjidwa m'shedi mpaka kudenga, matabwa a paini osapala n'komwe. Pobwerera, tikulowa pa geti, Twaibu analankhula.

"Mmishoni, ine osadzandiika m'bokosi ngati sopo wa m'sitolo. Msilamu amagona pa dothi, m'sanda, nkhope itayang'ana kumene amayang'ana poswali. Wamva?"

"Aa, Shehe, iwe udzafera pa mkeka wako ndevu zili mbuu. Tisiye zimenezo."

"Ndati wamva?"

"Ndamva."

Ntchito yake inali pa bokosi la pansi lija. Ife okumba tinkagwetsera miyala m'chibowo kuchokera kumtunda, iye ali m'munsi kutsegula chitseko chachitsulo kuti ngolo idzaze, n'kutsekanso. Ambiri ankaisirira ntchitoyo poti sunyamula fosholo. Koma miyala imakakamira m'chibowo, ndipo ikakakamira munthu wa pa bokosi amayenera kuitokosa ndi chitsulo chachitali ataima pambali. Tsiku limenelo madzi anali atadzaza kuseri kwa miyala yokakamirayo, iye osadziwa. Atangotokosa, zonse zinatsika nthawi imodzi, matope ndi miyala, ndipo kuima pambali sikunathandize. Ine ndinamva nditakwera kumtunda masana, ndikubweza nyale. Kalaliki wa pa windo anayang'ana nambala yanga, n'kundiyang'ana ine, n'kunena kuti ndikufunika ku ofesi.

Zolira sindinena zambiri. Ndinalira, ndipo anthu a m'chipinda anandigwira. Koma ku ofesi kuja ndinamva mawu amene anandiumitsa misozi. Nduna ya komponi, munthu wamkulu wa Chizulu, inawerenga pa fomu kuti mng'ono wako Barnaba, Mkhristu, aikidwa mawa masana, bokosi lilipo, wansembe wauzidwa. Inanena mwaulemu ndithu, ikuona ngati ikunditonthoza.

Ndinapita kukhitchini kukapeza Che Bwanali, bambo wachikulire wa ku Chiponde amene ankasenda mbatata kumeneko ndipo ndi amene ankatsogolera Asilamu a m'komponi pa swala ya Lachisanu. Anandimvetsera mpeni uli m'manja.

"Mubwerere ku ofesi mukanene zoona," anatero. "Mukanene kuti munthuyu ndi Twaibu."

"Che Bwanali, ndikanena, pepala lipita kwathu ku boma. Akafunsa kuti Barnaba weniweni ali kuti, ndipo anapereka bwanji khadi la chipani kwa mphwake wa munthu wothawa. Mng'ono wanga akamutenga, ndipo kumene amatengera anthu mukukudziwa. Mayi ake a Twaibu nawonso sakawasiya."

"Ndiye mwana wa Chisilamu alowe m'manda ndi nyimbo za tchalitchi chifukwa inu munachenjera?"

Anandilasa pamenepo, ndipo ndinapsa mtima, koma ankanena zoona. Ndinakhala pa thumba la mbatata mutu uli m'manja. Kenaka ndinakumbukira kabokosi kena kaja ka pa fomu. Pa pepala ine ndinali mkulu wake, ndipo mkulu wa womwalira amamveredwa ngakhale ku Joni. Bodza lomwelo limene linamutsekera ndi limene ndinaganiza kuti ndiyende nalo.

M'mawa ndinapita kwa nduna n'kuiuza kuti kwathu mtembo susambitsidwa ndi alendo, amasambitsa abale, apo ayi mzimu umavutitsa otsala. Mzulu nkhani ya mizimu sanaitsutse. Anatilembera kapepala ka ku mochale. Tinalowa anayi: Che Bwanali, Asilamu ena awiri a ku Makanjira, ndi ine. Nsalu yoyera tinagula kwa Mmwenye wa pasitolo, amene atamva kuti ndi ya sanda anaidula yekha n'kuwonjezapo kabotolo ka mafuta onunkhira. Ine sindinaloledwe kugwira thupi. Ntchito yanga inali yotunga madzi m'ndowa ndi kapu n'kumathira pamene Che Bwanali aloza, kuyambira kudzanja lamanja. Matope a mgodi anali m'makutu, m'tsitsi, m'zikhadabo. Tinathira mpaka madzi otsika anayera.

Pa geti la chipatala mtembo sunkatuluka wopanda bokosi, limenelo linali lamulo. Tinamugoneka m'bokosimo ali m'sanda yake, misomali tinangoikhomera pang'ono. Pa lole tinakwera anthu a m'chipinda chathu, Asilamu angapo, wapolisi wa komponi ndi wansembe. Wansembeyo anali wa mpingo wanga womwe, munthu wa mtundu wa Chikhosa, wa imvi, wamtali, amene ndinkalandira mgonero m'manja mwake. Njira yonse ndinkayang'ana kolala yake yoyera. Nduna ndinainamiza osaphethira, koma ine ndinakula ndikunyamula mtanda kutsogolo kwa ansembe, ndipo uyu ndinkadziwa kuti ndilephera.

Titatsitsa bokosi pambali pa dzenje, iye anatsegula buku. Ndinamuyandikira n'kumugwira mkono wa mkanjo.

"Bambo, munthu uyu si wathu. Si mng'ono wanga. Ndi Msilamu, dzina lake ndi Twaibu. Dzina la Barnaba ndinamubwereka ndine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana Che Bwanali ndi anzake atavala makapu, anayang'ananso wapolisi amene anaima chapatali pafupi ndi lole. Mawu amodzi okha kwa wapolisi uja, zonse zikanathera pomwepo.

"Mukufuna nthawi yaitali bwanji?" anafunsa.

"Pang'ono, bambo. Ndife anthu okumba."

Anatseka buku. "Lamlungu ubwere udzandione, iwe ndi bodza lakoli," anatero. Anapita ku lole, n'kutulutsa fodya m'thumba, n'kuzungulira ndi wapolisi ndi dalaivala kuseri kwa galimoto kumene kunalibe mphepo. Tinkangomva akuseka nkhani za mpira.

Sindinaonepo anthu akugwira ntchito mwachangu chotero, ngakhale pamaso pa mzungu. A ku Makanjira aja analumphira m'dzenje ndi mafosholo n'kukumba kamphako m'khoma la kumpoto, kotalika ngati munthu. Anyamata a ku Mzimba ndi a ku Dedza, Akhristu okhaokha, anaima mzere kutchinga kuti a ku lole asaone. Che Bwanali anaimika anzake n'kuswalira mtembo ali chiimire, mawu ali pansipansi. Tinazula misomali, tinamutulutsa, tinamutembenuza kuti mutu ukhale kum'mawa, ndipo anamugoneka m'kamphako muja chammbali, pa dzanja lamanja, tsaya lili pa dothi. Bokosi tinaliphwasula ndi fosholo, matabwa ake n'kutsekera kamphakoko kuti dothi lisamugwere kumaso. Aliyense anaponya dothi katatu ndi manja, kenaka mafosholo anamaliza.

Ndinkaganiza kuti tatha, koma Che Bwanali anagwada kumutu kwa mtumbira. Asilamu a kwathu akakwirira munthu amamulankhula, kumukumbutsa zoti akayankhe angelo akabwera kudzamufunsa za Mulungu wake ndi chipembedzo chake. Pomulankhulapo amamuitana ndi dzina lake ndi la mayi ake omubereka. Che Bwanali anatembenukira kwa ine.

"Mayi ake ndani?"

"Abiti Saidi."

"Limenelo ndi la bambo awo, likungonena kuti mwana wa Che Saidi. Ndikufuna dzina lawolawo."

Mayi amene ndinadya m'mbale mwawo kuyambira ndili wosavala, amene anandichotsapo minga ya kampango kuphazi, dzina lawo sindinkalidziwa. Kwathu ndani amaitana mayi wamkulu ndi dzina lake? Ndinachita manyazi kwambiri. Ku lole injini inali italira kale. Che Bwanali anati munthu akasowa dzina la mayi amaitanidwa mwana wa Hawa, mayi wa anthu onse, ndipo anaweramira pansi n'kuyamba: Twaibu, mwana wa Hawa. Pamwamba pake wapolisi anadzakhoma kachitsulo ka nambala, ndipo m'buku la manda analemba Barnaba.

Lamlungu ndinapita kwa wansembe uja. Anandikalipira ndithu, osati pang'ono, koma nkhaniyo sinatuluke m'chipinda chake.

Ndinamaliza kontalakiti yanga n'kubwera ndi mabokosi awiri achitsulo, langa ndi la Twaibu, limene wolemba zikwangwani wa m'komponi analilemba kale ndi penti yofiira kuti Barnaba. Kumudzi ndinapeza zinthu zitapotoka. Kalata ya imfa inadzera ku boma n'kufika m'bokosi la mishoni, ndipo mphunzitsi anabwera nayo kwa mayi anga nkhope ili yachisoni, n'kupeza womwalirayo ali pakhonde akusoka ukonde. Mphunzitsiyo anali munthu wabwino, anangopinda kalata n'kubwerera. Koma Barnaba sakanakhalanso m'mudzi ndi dzina limene boma linalifufuta. Anasamukira kwa mkazi wake ku Chowe, kumalima nandolo ndi dzina la agogo athu, munthu wa m'madzi kukhala wa kumapiri. Nditapita kukamuona sanandipatse mpando. "Achimwene, munandipha ndili moyo," anatero, ndipo bulangete limene ndinamutengera analandira ndi mkazi wake.

Mayi anga ndi amene anakawauza Abiti Saidi za nkhuku ija. Maliro sanalire poyera, poti mwana wawo ankadziwika kuti ali ku usodzi. Sadaka anachita ya mpunga mbale zochepa, chitseko chili chotseka.

Bokosi la Twaibu ndinalisenza ndekha m'mawa wina kuzungulira kuseri kwa nyumba yathu. Ndinawapeza akutembenuza usipa pa thandala. Anali atachepa thupi, maso atayamba kuchita nkhungu. Anayala mkeka, tinapatsana moni wa Chiyao, ndipo ndinatsegula bokosi: bulangete, nsalu ziwiri, ketulo, kapu yake yoyera. Sanagwire chilichonse.

"Zimenezo ndiona," anatero. "Ndiuzeni mmene munamuikira. Musadumphe."

Ndinafotokoza, iwo akufunsa. Anamusambitsa ndani? Anayambira mbali iti? Sanda inali ya nsalu zingati? Nditanena za bokosi anagwira pakamwa, nditanena kuti tinaliphwasula anatsitsa dzanja. Nkhope inayang'ana kuti? Anamuswalira anthu angati? Yankho lililonse ankalilandira ndi mutu, pang'onopang'ono. Ine ndinkapemphera mumtima kuti alekere pomwepo.

"Nanga pomukumbutsa, anamuitana ndani? Barnaba?"

"Iyayi, amayi. Anamuitana Twaibu."

Apo ndi pamene analira, koyamba, mopanda phokoso. Atapukuta maso ndi nsonga ya mpango anafunsanso.

"Twaibu mwana wa yani?"

"Mwana wa Hawa. Anandifunsa dzina lanu, ine osalidziwa. Pepani, amayi. Ndinalephera pamenepo."

Anayang'ana kunyanja. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo zikanandipepukira.

"Ndiye anatembenuka?" anatero, ngati akudzifunsa okha. "Mwana uja ukamuitana molakwika satembenuka."

Kenaka anasendera pafupi n'kutsitsa mawu, ngati mmene tinkachitira ponena za boma.

"Ndine Asiyatu. Mwamva? Asiyatu. Mukabwerera ku Joniko mukapite pamene wagonapo, mukamuuze kuti Twaibu mwana wa Asiyatu. Simukusowa kukhala shehe, mukangonena."

"Ndikanena, amayi."

Ndinkanena zoona, chifukwa ndinali nditakonza zopumula miyezi yochepa n'kukalembetsanso. Koma ndisananyamuke boma linatseka njira ya ku migodi, ndipo pamene inadzatsegukanso dokotala wa ku ofesi kuja anamvetsera chifuwa changa n'kupukusa mutu. Fumbi la Joni linali litakhazikika kale. Ndinayesa kawiri, kawiri konse anandibweza. Che Bwanali ndinamulembera kalata, inabwerera yosatsegula.

Abiti Saidi anakhala zaka zambiri ndithu pambuyo pake, maso atatheratu. Ankandizindikira ndi chifuwa ndikamadutsa kuseri kuja popita kunyanja, ndipo ankadzutsa mutu pa mkeka.

"Mupita liti?"

"Posachedwapa, amayi."

Anandifunsa choncho mpaka mlungu umene anamwalira, ndipo ine ndinayankha chimodzimodzi.